Kagoneni kuthengo ndi ana, ndalama za fodya zisanathe

Ana anga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene banja, lero sindikamba za katemera kapena za sikelo. Ndikufuna tikambirane za masiku aja msika wa fodya ukatentha pa Chinkhoma. Chaka chonse banja limakhala pamodzi, kuyambira kunazale, kuwokera, kuthyola, kusoka mpaka kudinda mabelo. Koma ndalama ikangolowa kubanki, ndi pamene banja limabalalika. Bambo azimirira pa boma masiku atatu, mayi atsala akuwerenga ngongole za feteleza, ana amene adathandiza kusoka fodya alandira malaya amodzi a kaunjika, basi. M'zaka zanga zaunamwino ndidasoka mabala ambiri a miyezi imeneyi, ndipo ambiri mwa iwo sadali a khasu ayi.

Tsono ine ndikuti patulani kangachepe, mutenge ana mukagone usiku umodzi kapena uwiri m'nkhalango yathu ya Kasungu. Ndikudziwa ena mwaseka kale, mukuti zogona m'tenti ndi za azungu, ife tchire tidabadwiramo. Chabwino. Koma afunseni ana anuwo ngati adaonapo njovu ndi maso. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa ngati paki mu 1970, ndi yachiwiri kukula m'dziko muno kutsatira Nyika, ndipo yafika mpaka m'malire ndi Zambia. Kuchoka pa boma kukafika ku damu la Lifupa, kudzera pa geti la Lisitu, ndi makilomita opitirira pang'ono 50. Alendo amachita kukwera ndege kudzaona zimene ife tili nazo kuseri kwa nyumba, chonsecho Mmalawi amalipira zochepa pageti kuyerekeza ndi mlendo.

Ine ndidapitako ndi mwana wanga, apongozi ndi adzukulu atatu m'mwezi wa Ogasiti. Tidabwereka tenti, tidanyamula ufa, usipa, mbatata ndi mabulangete, chifukwa usiku kumazizira ndithu. Mmawa mwake tidakwera kaphiri ka Black Rock. Si phiri lalitali, ngakhale maondo anga a zaka 60 ndi kanthu adalimbana nalo n'kufika pamwamba, kupuma kawiri panjira. Ukafika pamwambapo umaona nkhalango ili yalaa mpaka kumene maso alekezera, popanda chigafa ngakhale chimodzi. Kamdzukulu kanga kakang'ono kadafunsa bambo ake kuti, "Adadi, mitengo yonseyi adadzala ndani?" Bambowo adakhala kaye chete, kenaka n'kuyamba kufotokoza kuti kumudzi kwathunso kudali chonchi iwo ali mwana. Munthu amene kunyumba salankhula mawu opitirira khumi patsiku adacheza ndi ana ake mpaka dzuwa kutentha. M'nkhalangomo mulinso zojambula zamakedzana pamiyala ndi ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo, zinthu zimene ana amangozimva m'kalasi.

Koma poti ndine namwino, mundilole ndilowe m'zanga.

Choyamba ndi njovu. Pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50 chifukwa cha opha nyama mozembera, koma mu 2022 adabweretsa zina 263 kuchokera ku Liwonde. Abale athu okhala m'mphepete mwa nkhalangoyi, mbali ino ndi ya ku Zambia komwe, alira nazo: minda yawonongeka ndipo anthu ena adataya miyoyo. Choncho musakayende nokha. Poyenda pansi mumayenera kukhala ndi mlonda wa nkhalango, aja timangowatcha agemu, ndipo akati imani, imani. Inu abambo, uko si kokaonetsa chamuna. Pa damu pali mvuu zimene zimatuluka usiku kukadya msipu. Mwana asapite yekha kukataya madzi kukada, ndipo zosambira m'damumo iwalani.

Chachiwiri, chimene ambiri sachiganiza, ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imaluma masana, imaboola ngakhale nsalu yopyapyala, ndipo imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Nchifukwa chake misampha yake amaipanga ndi nsalu za mitundu imeneyi. Avekeni ana zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo, za mtundu wa khaki kapena wotuwa. Si kashembe aliyense amene ali ndi kachirombo ka kaodzera, ndiye musachite mantha mwana akalumidwa. Chofunika ndi ichi: ngati pakatha sabata imodzi mpaka zitatu mwabwerako wina wayamba kutentha thupi, mutu kuwawa, kapena polumidwa paja patupa n'kuchita chilonda, thamangani kuchipatala ndipo mukanene poyera kuti mudali kunkhalango. Zizindikiro zake zimafanana ndi malungo. Ndawaonapo anthu akumwa LA kawiri katatu osachira, chifukwa palibe adatchula za kumene wodwalayo adayenda. Mankhwala a kaodzera alipo, koma amafuna kufulumira.

Neti yonyikidwa m'mankhwala nyamulani, ngakhale muli ndi tenti. Madzi akumwa akhale ochokera kunyumba, kapena owiritsa, kapena othira WaterGuard. Pokwera phiri yambani mmamawa, ndipo mwana muzimumwetsa asanapemphe, chifukwa ana akatengeka ndi masewera saona ludzu. Musaiwale mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Za njoka ndinene mwachidule. Musatemere, musayamwe, musamange chingwe mothina. Wolumidwayo agone, mwendo usagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. Nsapato zotseka, osati patapata, ndipo muzizikutumula mmawa musanavale.

Amayi oyembekezera amene mwezi wayandikira, ndi makanda osakwana chaka, ulendo uno ukupiteni kaye. Chipatala chili kutali ndipo foni sigwira paliponse. Ndipo amayi, musalole kuti ulendowu usanduke kusamutsa khitchini. Ngati inu ndi amene muziphika, kutsuka mbale ndi kubereka mwana pamene abambo akujambula zithunzi, ndiye kuli bwino mukadangokhala kunyumba. Gawanani ntchito musananyamuke. Anyamata nawonso akoleze moto, pamalo okhawo amene mwaloledwa, ndipo auzimitse ndi madzi, poti Ogasiti udzu umakhala wouma.

Musananyamuke funsani a nthambi yoona za nyama zakutchire za mitengo yolowera, malo okhomapo tenti ndi momwe msewu ulili. Mabanja awiri kapena atatu mutha kusonkherana galimoto imodzi. Ngati thumba lakana chaka chino, yambani ndi phiri la Kasungu pa boma pomwepa: kunyamuka mmawa ndi chinangwa chophika ndi botolo la madzi, pofika masana mwatsika. Nthawi yabwino ndi pakati pa Juni ndi Ogasiti, kutentha kwa Okutobala kusanafike komanso ntchito ya kunazale isanakugwireni miyendo.