Mzere unali ndi mwini wake

Ife pophunzira kujambula mapulani a makina tinkayamba ndi kusongola pensulo. Sabata yathunthu, ana inu, kusema 2H ndi lezala, kuinola pa sandipepala mpaka nsonga ikhale ngati singano, fumbi lakuda litalowa m'zikhadabo, ndipo ukatero mpamene ankakulola kuyandikira bolodi, kumata pepala m'ngodya zinayi, ndi kutsetsereza T-square m'mphepete mwa thabwa, ikulira kamawu kofewa kaja kamene mpaka lero ndimakamva tulo tikandithawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi athu ankadutsa kumbuyo kwathu ali chete, buku la malamulo a kajambulidwe la BS 308 lili m'khwapa, ndipo akaika chala pamene uta wa kampasi walephera kukumana bwino ndi mzere woongoka sankanena kanthu, iwe wekha unkatola labala manyazi atakugwira.

Zimene mdzukulu wanga amazitcha ma constraint tinali nazo, koma zinkakhala m'manja. T-square ndiyo inkagoneka mizere kuti iyende limodzi osakumana, set square inkaimika mzere chilili, ndipo nsonga ya kampasi ikabaya pepala, mabwalo onse ankabadwira pa kabowo kamodzi komweko. Kuti uta ukhudze mzere popanda chotupa, unkayamba wasaka pakati pake ndi timizere topepuka, mpweya utaugwira. Za pulogalamu ya kompyuta ya AutoCAD, imene inatuluka mu 1982, tinkangozimva ngati mabingu a mvula ya kutsidya, osadziwa kuti idzakokolola munda wathu womwe.

Lero mwanayu amakhala pakhonde ndi laputopu, akujambula shafiti ya chigayo mu SolidWorks. Adina pa mzere, adina pa uta, asankha tangent, zagwirana zokha. Mizere ikakhala yabuluu ndiye kuti ikadali lendelende, choncho amangothira miyeso paliponse mpaka yonse ide, n'kundicheukira nkhope ili ngwee: "Agogo, fully defined, yatha."

Yatha bwanji, mwana wanga? Ndinavala magalasi. Pokhala bearing ya 6205, ya mamilimita 25 mkati ndi 52 kunja, analembapo 25 yekhayekha, osamuuza wodula kuti akhoza kuphonya ndi zingati, chonsecho kuphonya kochepa kuposa tsitsi limodzi n'kokwanira kuti bearing ikane kulowa kapena izigwedera mpaka kudya shafiti. Pamene chitsulo chikuchepera anasiyapo ngodya yakuthwa, pomwe mng'alu umayambira. Miyeso anaiyambira uku ndi uko, osati kumapeto kumodzi kumene munthu wa pa lathe amayezera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kompyuta inakhutira chifukwa mizere yaleka kugwedera, koma siinanunkhizepo mafuta otentha pa chitsulo chodulidwa kumene.

Ife tikamaliza tinkapititsamo inki pa pepala loonekera, kukanda cholakwa ndi lezala mwaulemu kuti lisabooke, kusindikiza m'chipinda chonunkha amoniya mpaka misozi kulengeza, kenako kunyamula wekha chojambulacho kupita nacho kwa amisiri ku Limbe. Mmisiri ankayamba wayang'ana pangodya yapansi, pa dzina lako, asanayang'ane china chilichonse. Chitsulo chikakanika kulowa, ankadziwa khomo loti agogode.

Tchuthi chathachi ndinatulutsa bokosi langa la makampasi m'sutikesi, nsalu yake yofiira ya mkati itadyedwa ndi njenjete, ndi kumupatsa mdzukulu wanga uja. Analandira ndi manja awiri, anathokoza bwino ndithu, n'kuliika pambali pa laputopu. Tsiku limene anabwerera kusukulu ndinalipeza pomwepo pakhonde, losatsekulidwa, mame atalinyowetsa.