Ndimagulitsa chithunzi, osati dzina langa

Ambiri pano mumandidziwa kuti ndine uja wa Fomu 3 amene amajambula mapu pa bolodi nthawi ya Jogalafe. Chimene simudziwa n'chakuti pensulo yomweyo ndi imene imandigulira makope, sopo ndi yunifolomu. Ndimajambula phiri la Chiradzulu, amayi ogulitsa tomato pa Mbulumbuzi komanso tchalitchi cha PIM ku Mbombwe. Ndikamaliza, achimwene amatola zithunzizo ndi foni yawo n'kuziika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Wofuna amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Mu Disembala ndinajambula M'busa John Chilembwe ataima kutsogolo kwa tchalitchi. Chinanditengera masabata awiri. Bambo wina wa ku Limbe anachiona pa intaneti ndipo anachigula pa K8,000. Tinapereka pepalalo kwa kondakitala wa minibasi, nkhani inathera pomwepo. Koma pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, tinapeza anyamata akugulitsa matisheti ku PIM. Pachifuwa pa tisheti iliyonse panali chithunzi changa, koma dzina langa, limene ndimalemba pakona, atalidula.

Achimwene anaimba foni. "Bambo, mwanayu anakugulitsani chithunzi choti mukoleke pakhoma, osati chodinda pa malaya."

Iwo anaseka. "Aphwanga, ukagula mbuzi, ana ake amakhala a ndani? Ndinalipira ine, basi n'changa." Kuchokera tsiku limenelo foni yathu sayankhanso.

Mawu a mbuziwo anandisowetsa tulo, chifukwa amamveka ngati oona. Safunsa anadya phula, choncho ndinapita kwa aphunzitsi athu a kalabu ya zolembalemba. Iwo anandiuza kuti chithunzi si mbuzi. M'chithunzi muli zinthu ziwiri: pepala limene umagwira, ndi umwini wa luso limene lili papepalapo. Wogula amatenga pepala. Ufulu wochulukitsa, wodinda pa malaya kapena pa kalendala umatsala kwa wojambula, pokhapokha ataupereka yekha.

Si maganizo a aphunzitsi chabe. Dziko lathu lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989. Limateteza nyimbo, ndakatulo, mabuku ndi zojambula kwa moyo wonse wa mwini wake, kuonjezapo zaka 50 iye atamwalira. Chitetezochi chimayamba ntchito ikangopangidwa, ndipo lamulo silifunsa ngati uli ndi satifiketi ya MSCE. Palinso bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992. Ambiri timaganiza kuti ndi la oimba okha, koma limaona za olemba ndi ojambula omwe. Malawi alinso mu mgwirizano wa maiko wa Berne, choncho chithunzi cha mwana wa ku Thumbwe n'chotetezedwa ngakhale chitafika ku Johannesburg.

Wina anena kuti, "Nanga Chilembwe ndi wako?" Ayi, si wanga. Anamwalira mu 1915 ndipo mbiri yake ndi ya Amalawi onse. Aliyense akhoza kumujambula. Changa ndi mizere imene ndinalemba ndi dzanja langali. Bambo aja akanatenga pensulo n'kujambula wawo, sindikanadandaula.

Panopa ndili ndi malamulo anga anayi. Choyamba, dzina ndimalilemba pakati pa chithunzi choika pa intaneti, pamene wodula angaononge zonse. Chachiwiri, sitiika chithunzi chooneka bwino kwambiri, koma chaching'ono chosadindika. Chachitatu, ndimasunga zoyeserera zonse ndi madeti ake ngati umboni. Chachinayi, ndalama isanabwere wogula ayankhe uthenga uwu: "Mukugula chokoleka pakhoma basi. Mukafuna kudinda, tigwirizane chiwerengero, nthawi ndi mtengo wina." Chilolezo chotere ndi chimene amachitcha layisensi. Pangano lenileni lodinda likhale lolemba ndi kusainirana, ndipo popeza ndine mwana, amayi azikhalapo.

Ogula ena amathawa akaona uthengawo, ndipo zimapweteka, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komabe amene amatsala ndi amene amalemekeza ntchito.

Nkhaniyi ikutikhudza tonse, anzanga. Iwe wolakatula ndakatulo pa asembule, iwe wopeka nyimbo za kwaya, uli ndi katundu ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Ndipo lamuloli ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ukakopera ndakatulo ya wina pa intaneti n'kuimata pakhoma lino ndi dzina lako, wachita chimodzimodzi ndi wodula dzina pakona. Amene mukufuna kuona mmene ndimalembera pangano, mundipeze ku kalabu Lachitatu tikaweruka. Mubwere ndi kope.