Kamba wa pa sitima

Masiku ano munthu akamachoka kuno ku Chezi sanyamulanso kamba. Ndimawaona anthu pamsika akudikira minibasi ya ku Salima kapena ya ku Lilongwe, m'manja muli foni basi.

Ife m'zaka za m'ma 1980, ulendo unkayambira kukhitchini. Tikamapita kwa azakhali ku Balaka, tinkatsetsereka pa basi mpaka ku Salima, komwe njanji inafika kalekale mu 1935, n'kukakwera sitima. Usiku woti mawa tinyamuka, amayi ankagona mochedwa: kukazinga mtedza, kuphika mbatata ndi chinangwa, kudula chigumu, kuthira thobwa m'chigubu. Nkhuku ikaphedwa, tinkadziwa kuti tikakhalitsa.

Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitadulidwa, katundu ankabwera mozungulira pa malole, ndipo za m'sitolo zinakwera mtengo. Ana tinkangomva akuluakulu akunena kuti asilikali athu apita kukalondera njanji ya ku Nacala. Koma sitima yathu inkayendabe, ndipo inkatidyetsa za m'munda ndi za m'nyanja. Pa Chipoka amayi ogulitsa ankathamangira m'mawindo atasenza malichero a usipa ndi utaka wowamba. Pa Golomoti tinkagula nzimbe, nthawi zina chenji n'kubwezedwa sitima itanyamuka kale, wogulitsayo akuithamangira.

Agogo, amene anali msilikali wa Keyala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ankasimba za nyama ya m'chitini ndi mabisiketi ouma gwa amene ankapatsidwa paulendo. Ankati ankakhuta, koma mtima unali pa nsima.

Chimene sindiiwala ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakwera cha ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena ali ndi kamtolo kokha. Amayi ankamasula nsalu ya kamba n'kunena kuti, "Sendererani kuno mayi, anawo adye." Sankawafunsa kumene achokera, ndipo ena m'bogimo ankawonjezera, uyu nthochi, uyu dzira.

Inde, mabenchi anali olimba, ndipo sitima inkatha kuima patchire maola ambiri. Komatu pamenepo m'pamene zakudya zinkayenda bwino kuchoka pa benchi ina kupita pa inzake.

Nkhondo inatha mu 1992. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani, ndipo ana a kuno akukula osakwerapo sitima. Njala ikawapeza panjira amagula tchipisi m'kajumbo, aliyense n'kumadya zake atayang'ana pawindo, minibasi ili pa liwiro.