Nambala Yokayikitsa Sitiifufuta

Ntchito yanga ndi kusamala manambala ochokera pansi pa nyanja zamchere. Sindikwera sitima. Ndimakhala pa kompyuta kulandira, kusanthula ndi kusunga zimene zipangizo za Argo zatumiza. Argo ndi ntchito ya mayiko ambiri imene inayamba cha m'chaka cha 2000, ndipo ili ndi zipangizo pafupifupi 4,000 zoyenda zokha m'nyanja zikuluzikulu. Chilichonse chimamira mamita 1,000 n'kumatengedwa ndi madzi, kenaka chimatsika mpaka mamita 2,000 ndi kuyamba kukwera chikuyeza kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere. Chikavuuka chimatumiza zonse kudzera pa setilaiti, n'kumiranso, ndipo ulendo umodzi umatenga masiku 10. Manambalawo amathera m'nkhokwe ziwiri, ku Brest m'dziko la France ndi ku Monterey ku America, kumene aliyense wokhala ndi intaneti amawatenga kwaulere. Pa malamulo onse a ntchitoyi, limene ndimaliteteza ndi mtima wonse ndi lakuti nambala yokayikitsa sitiifufuta. Timaiika chizindikiro, 1 ngati ili bwino, 4 ngati ili yoipa, 2 kapena 3 ngati ili pakati, ndipo tikaikonza, yoyambayo imakhalabe pambali pa yokonzedwayo.

Lamuloli silinangobwera. M'chaka cha 2006 asayansi ena anafalitsa zoti madzi apamwamba a nyanja anazizira pakati pa 2003 ndi 2005, nkhani imene inadabwitsa ambiri, poti nyanja ndizo zimamwa pafupifupi 90 peresenti ya kutentha koonjezereka kwa dziko. Chaka chotsatira zinadziwika kuti gulu lina la zipangizo m'nyanja ya Atlantic linkalemba kuya kolakwika, motero madzi ozizira apansi ankaoneka ngati ali pamwamba. Panalinso vuto la zida zakale zoponyedwa kuchokera m'sitima, zimene zinkaonetsa madzi otentha kuposa mmene analili. Cholakwikacho chinagwidwa chifukwa manambala oyamba analipo, iliyonse ikudziwika chipangizo chimene chinaitumiza, tsiku lake ndi malo ake. Akanakhala kuti wina anawasalaza n'kutaya oyambawo, palibe akanabwerera m'mbuyo kukapeza pamene panakhota.

Ena amati kusunga manambala oipa n'kudzaza nkhokwe ndi zinyalala, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuwagwiritsa ntchito osayang'ana chizindikiro. Ngoziyo ilipodi. Koma mankhwala ake ndi kulemba zizindikiro momveka ndi kuphunzitsa otenga manambala, chifukwa wofufuta naye amalakwitsa, ndipo kulakwa kwake sikusiya mapazi. Nambala yooneka yachilendo lero ikhoza kukhala madzi enieni amene asintha, chinthu chenichenicho chimene zipangizozi zinaponyedwera m'nyanja kuti zikaone.

Enanso amafunsa chifukwa chake munthu akufunikabe, kompyuta ili pomwepo. Kompyuta imagwira msanga zolakwika zoonekeratu, monga kutentha kosatheka, kapena chipangizo chimene chikuti chili pamtunda. Chimene imavutika nacho ndi kachida koyezera mchere kamene kayamba kusokonekera pang'onopang'ono, ngati sikelo ya pamsika imene imaonjezera timagalamu tochepa mwezi ndi mwezi, tsiku lililonse n'kumaoneka ngati ili bwino. Chipangizo chikalowa m'madzi chimakhalamo zaka zinayi kapena zisanu, ndipo zambiri sizivuulidwanso kuti ziyesedwe. Choncho timayerekeza zimene chayeza pansi penipeni, pamene mchere susinthasintha, ndi zimene sitima zofufuza zinayeza m'dera lomwelo. Pulogalamu imawerengera kusiyana kwake, koma kugamula ngati chasintha ndi chida kapena nyanja kumafuna munthu wodziwa madzi a deralo. Apa m'pamene pagona luso lathu, ndipo kugamulako kumadikira miyezi yambiri, chifukwa kusokonekera kotere kumaoneka bwino maulendo akachuluka.

Kudikirako sikuchedwetsa olosera zanyengo, popeza manambala amatuluka kawiri. Oyamba, osefedwa ndi kompyuta, amapezeka nthawi zambiri pasanathe tsiku limodzi, ndipo ndi amene amalowa m'makompyuta olosera. Achiwiri, ounikidwa ndi munthu, ndi a ofufuza zakusintha kwa nyengo. Mlimi wa ku Nsanje amadalira zonse ziwiri ngakhale dziko lake lilibe gombe la nyanja yamchere. Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu February 2023, nawoloka nyanja yonse ya Indian asanasakaze chigawo chakumwera kwa Malawi mu March, ndipo namondwe amatenga mphamvu ku madzi ofunda. Ng'amba ya 2024 inatsatira El Niño, amene amayamba ndi kufunda kwa madzi a Pacific. Kuti olosera anene kuti madzi afunda kuposa kale, ayenera kukhala ndi manambala a zaka zam'mbuyo amene mbiri yake ikudziwika, kuphatikizapo amene tinawakayikira ndi chifukwa chake tinawakayikira.