Kanyanja Kathu ka Malita 60 ku Kabwata

Tili atatu, tonse odzipeleka pa wailesi ya m'dela lathu muno mu Lusaka, ndipo palibe mmodzi wa ise amene anaonapo nyanja ya mcele na maso. Kuti munthu akafike ku Dar es Salaam pa sitima ya TAZARA kucoka ku Kapiri Mposhi, ni ulendo wa makilomita 1,860. Koma usiku wina titatsiliza pulogilamu ya acinyamata, tinacedwa tikupenyelela pa YouTube anthu oweta nsomba za m'nyanja na makorali m'matanki a galasi. Tinagwilizana kuti na ise tiyeseko. Ndalama zinali za cilimba cathu, zimene tinali kusungila maikolofoni yatsopano.

Tinagula tanki yakale ya malita 60 pa Facebook, n'kuiika m'nyumba ya lendi ya mmodzi wa ise ku Kabwata. Posakhalitsa tinadziwa kuti mcele wa kukhichini sugwila nchito. Madzi a m'nyanja amakhala na magilamu pafupifupi 35 a mcele pa lita imodzi, ndipo mmenemo muli calcium, magnesium na zina zimene makorali amafunikila kuti akule. Mcele woyenelela tinautumiza ku Johannesburg kupitila mwa mnzathu woyendetsa thilaki. Madzi a pampopi tinawapewa, tinayamba kugula osefedwa na makina a RO kumene amadzazila mabotolo a madzi akumwa. Na kacipangizo ka pulasitiki kopimila mcele, tinasakaniza mpaka kanaonetsa 1.025.

Apa m'pamene tinalakwitsa. Patangopita wiki imodzi, tinapita kwa amdala ena amene amaitanitsa nsomba kucoka kunja, n'kugula tiwili twa mtundu wa clownfish, tuja twa mu filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Amdalawo anatifunsa kuti, "Anyamata, tanki yanu yakhwima?" Tinangovomela. Pa tsiku lacinayi tunsombato tunali kupuma movutikila pamwamba pa madzi. Kutaca, tonse tuwili tunali titafa.

Cimene cinapha nsombazo ni ammonia, poizoni wocoka ku zonyansa za nsomba zomwezo. Mu tanki yokhwima, mabakiteliya okhala m'miyala amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ndiyeno ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, imene siopsa kwambili. Kuti mabakiteliya amenewa aculuke pamatenga mawiki anayi mpaka 6. Ise zimenezi tinali titazimva kale, koma mtima unathamanga.

Tinakangana tsiku limenelo. Mmodzi anati tigulitse zonse kuti ndalama ya maikolofoni ibweleko ngakhale theka. Pamapeto pake tinapangana lamulo limodzi: kwa mawiki 6, m'tankimo simulowa camoyo ciliconse. Tinali kuponyamo tuzakudya twa nsomba pang'ono kuti tuwole na kudyetsa mabakiteliya, ndipo ndalama yotsala tinagulila mankhwala opimila madzi. Anzathu akabwela anali kutiseka kuti, "Manje mwayamba kuweta miyala?"

Tanki itakhwima, tinaikamo clownfish imodzi cabe yobadwila m'tanki, na nkhono zocepa zodya ndele. Koma cinali caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambili tsiku lililonse. Tanki ya nsomba za m'nyanja imafuna kuti madzi aziyenda nthawi zonse kuti mukhale mpweya, komanso kuti azifunda madigili 24 mpaka 26. Imwe mudziwa mmene Lusaka imazizilila usiku mu June na July. Tinagula kapampu ka mpweya koyendela mabatile. Usiku tinali kufunditsa tankiyo bulangeti na kuyandamitsamo mabotolo otseka bwino a madzi otenthetsa pa mbaula. Tinali kusinthana masiku ogona kumeneko monga mmene timasinthilana mashifiti ku situdiyo.

Tanki yaing'ono imachipa, koma madzi ake sacedwa kusintha. Madzi akamauma mcele umatsala, conco amene atsalawo amawawa mcele kuposa poyamba. Tinalemba mzele pa galasi, ndipo m'mawa uliwonse timathilamo madzi opanda mcele mpaka afike pamzelepo. Pa Ciwelu timacotsa malita 6 n'kuikamo atsopano osakaniza na mcele.

Makorali tinawadikilitsa miyezi yambili. M'matupi mwawo mumakhala tundele tumene tumawapangila cakudya kucoka ku kuwala, ndiye popanda nyale yodalilika amafa. Titapeza kabatile ka sola na nyale ya LED, munthu wina woweta nsomba anatipatsa kacidutswa ka zoanthid kakang'ono ngati kakhobili. Uwu ni mtundu wopilila, koma ungakhale na poizoni, ndiye sitiugwila popanda magulovu. Kanali na tumitu tusanu tooneka ngati maluwa. Lomba tulipo 11, ndipo timatuwelenga nthawi zonse tikafika.

Ngati na imwe mufuna kuyamba ndipo m'thumba muli zocepa, yambani na mcele woyenelela, zopimila madzi na kapampu ka mabatile. Nsomba ikhale yothela kugula. Maikolofoni yathu ikali ija yakale yomanga na tepu, ndipo cilimba ca mwezi wamawa tagwilizana kuti n'ca iyo.