Kompyuta Imodzi, Nyimbo Zitatu

Ntchito imene ndimadyera ndiyo kulumikiza zokuzira mawu m'nyumba zogona alendo, kumene eni malo amafuna kuti nyimbo yofatsa imveke kodyera, yothamanga ku bala, ndi ina pakhonde, zonsezo zochokera m'kompyuta imodzi. Chida chosenza mtolo umenewu ndicho audio interface, kabokosi kolumikiza pa USB kokhala ndi makomo ambiri otulukira mawu. Ndipo popeza chigawo chilichonse chimatenga makomo awiri, 1 ndi 2 amanka kodyera, 3 ndi 4 ku bala, 5 ndi 6 kukhonde.

Akandiitana kuti zinthu zasokonekera, sindifulumira kuweruza kabokosiko, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ndimalondola mawu kuyambira pamene abadwira kufikira pamene atulukira, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Dandaulo lofala ndi lakuti nyimbo zonse zaunjikana kodyera, kwinako kuli zii. Gwero lake nthawi zambiri ndi ili: pulogalamu yoimba ikapanda kuuzidwa khomo lake, imatsanulira mawu ku 1 ndi 2, ndiponso madalaivala ena a ASIO, njira imene anakonza a Steinberg a ku Germany, amalola pulogalamu imodzi yokha kugwira kabokosi, kotero kuti yachiwiri ikadza imapeza potseka. Mankhwala ake ndiwo pulogalamu imodzi yodziwa kutumikira zigawo zonse, kapena dalaivala woonetsa makomo awiriawiri monga zida zosiyana.

Mawu akamathetheka kapena kudukiza, ndimayang'ana ngati kompyuta ndi kabokosi zagwirizana pa chiwerengero cha zidutswa za mawu pa sekondi: 44,100, muyeso wa CD, kapena 48,000. Kenako ndimakweza buffer, kankhokwe kosungira mawu asanatuluke, kuchoka pa 256 kufika pa 1,024, pakuti pamene palibe woimba pa maikolofoni, kuchedwa pang'ono kwa mawu kobwera ndi kukwezako sikupweteka munthu.

Koma chovuta koposa chimadza pa tsiku la ukwati, pamene nyimbo imodzi iyenera kumveka ponseponse, ndipo mlendo woima pakati pa bala ndi khonde amaimva kawiri. Ngati wina anaphatikiza timabokosi tiwiri totchipa, kalikonse ndi wotchi yakeyake mkati, tidzasiyana pang'onopang'ono ngakhale titayambira pamodzi, chifukwa atambala awiri salira m'khola limodzi; wotchi ikhale imodzi, yolamulira makomo onse. Ngati wotchi ili imodzi kale, mlandu uli pa mtunda, popeza mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo ochokera pa mamita 34 amafika atachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Pamenepo sipika yapafupi ndimaichedwetsa kuti idikire inzake.

Chotsiriza ndicho kung'ung'udza kwa 50 Hz, liwu la magetsi athu, komwe kumadza pamene ampulifaya ya kukhonde ndi kompyuta zadya magetsi m'masoketi otalikirana. Waya wa balanced, wa XLR kapena TRS, kapena kathiransifoma kolekanitsa, zimathetsa zimenezi. Chonde anzanga a ntchito imeneyi, musadule waya wa earth pofuna kutontholetsa phokosolo, pakuti wayayo ndiye amateteza moyo wa munthu wogwira chitsulo cha ampulifaya.