Madala abwerera kumgodi ku Joni, ulendo uno ndi zidzukulu

Abale anzanga, munthu amene sanayendepo pa basi ndi ana atatu kuchoka ku Blantyre mpaka ku Johannesburg asamadzitame kuti ngoleza mtima. Tinakwera pa Wenela m'mwezi wa Disembala 2023: ine, mayi akunyumba, ana athu atatu ndi bambo anga, madala a zaka 72. Tinadutsa pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kukachezera pamzere pa Beitbridge. Pofika pa Park Station, kamzime kathu ka zaka zitatu kanali katatitopetsa kale ndi funso limodzimodzi lakuti, "Tafika?"

Anatiitana ndi mlamu wanga amene amasoka zovala ku Mayfair. Iyeyu ndiye anabweretsa maganizo akuti ana asabwerere kumudzi asanaone Gold Reef City, malo a masewera amene ali chakumwera kwa mzindawo. Ana atangomva zoti kuli akatungwe a magetsi ndi tisitima touluka, tulo tinawathawa. Koma madala anakana. Ati, "Pitani inu, ine Joni ndinamuona kale." Mdzukulu wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi anawagwira dzanja n'kuwanyengerera mpaka anavala jekete yawo.

Kwa amene simunafikeko, malowa anawamanga pamgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa chitsime chimene ankachitcha Nambala 14. Golide anapezeka m'dera limeneli m'chaka cha 1886, ndipo mzinda wonse wa Johannesburg unabadwa chifukwa cha iyeyo. N'chifukwa chake mukalowa pageti mumapeza timisewu ndi nyumba zomangidwa motengera za nthawi imeneyo, makonde a malata, mahotela ndi timasitolo. Pamwamba pa zonsezo paima chinsanja chachitsulo cha mgodi, ndipo mbali zonse mukumva anthu akukuwa ngati kwagwa chilombo, chonsecho alipira okha ndalama kuti aopsezedwe.

Vuto loyamba linabuka tisanakwere kalikonse. Pakhomo pa masewera akuluakulu pali choyezera msinkhu, ndipo mwana amene mutu wake sunafike pamzere saloledwa, kaya alire motani. Mtsikana wathu anakwanira ndendende. Mchimwene wake wa zaka zisanu ndi chimodzi anaperewera ndi zala zitatu basi. Mnyamata anayesa kunyang'ama, anakoka khosi ngati tambala, koma mayi amene amayang'anira pamenepo anangomwetulira n'kupukusa mutu. Misozi mbwe! Ine ndinayamba kumulonjeza ayisikilimu, mayi ake akumuopseza kuti tibwerera kunyumba, koma zonsezo sizinathandize.

Anamutontholetsa ndi agogo ake. Anakhala naye pabenchi n'kumuuza kuti, "Iwe, usalire. Inenso anandiyezapo kuti ndibwere kuno." Ndiye anayamba kusimba nkhani imene ine mwana wawo ndinali ndisanaimvepo bwinobwino. M'chaka cha 1972, ali ndi zaka 21, anakalembetsa ku Wenela. Kumeneko anyamata ankawavula malaya, kuwaika pasikelo, dokotala n'kuwamvetsera m'chifuwa, ndipo wopepuka kapena wokhosomola ankamubweza kumudzi. Madala ati iwo anali kamunthu kowonda, choncho m'mawa wa tsikulo anadya nthochi phava lonse n'kumwera madzi ambiri kuti sikelo iwakomere. Mnyamata anaseka misozi ili m'masaya, n'kufunsa ngati nthochi zimatalikitsanso munthu.

Achinyamata ambiri amene amakwera basi pa Wenela lero sadziwa kumene dzinali linachokera. Ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, limene pambuyo pake linadziwika ndi dzina lakuti TEBA, kwathu kuno timati Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi. Ankawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo pa sitima ya pamtunda mpaka ku Joni.

Mnyamata atatonthola tinagawana. Mlamu anatenga mtsikana kupita naye ku Anaconda, kasitima kamene anthu amakhala molendewera kunsi kwa njanji, miyendo ili lendelende, n'kumawatembenuza chadodolido. Mtsikana anatsika akunjenjemera koma akuti abwerezenso. Mlamu anatsika ali chete, n'kupempha madzi. Palinso china chotchedwa Tower of Terror, chimene chimakukweza pamwamba pa chinsanja kenaka n'kukugwetsa chamutu kulowa m'dzenje. Ine ndinachiyang'ana kawiri n'kukumbukira kuti ndili ndi ana oti ndiwalipirire sukulu. Ena anditche wamantha, palibe kanthu.

Ana ang'onoang'ono ali ndi mbali yawoyawo, ndipo kunena zoona kumeneko ndiye kuli mtendere. Kuli akavalo ozungulira, timagalimoto togundana ndi kasitima koyenda pang'onopang'ono. Kamzime kanakwera kavalo mmodzi yemweyo kanayi, ndipo ulendo uliwonse kakadutsa pamene tinaima kankakweza dzanja ngati phungu amene wangopambana chisankho. Apa ndinaphunzira kuti mwana wa zaka zitatu safuna zambiri. Makolo ndife timavutika kuthamangitsa ana uku ndi uku kuti ndalama ya tikiti ipindule, mapeto ake ana atopa, ife takwiya.

Nthawi ya nkhomaliro tinagula nkhuku, tchipisi ndi zakumwa, ndipo ayisikilimu ndinalonjeza uja anandikumbutsa onse atatu, ngakhale amene sanalire. Chikwama chinapepuka, osanama. Tikudya, mlamu anatchula zoti pamalopa amalowetsanso alendo mumgodi weniweni. Ine ndinayang'ana madala, poganiza kuti akana. Iwo anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Tiyeni, ana akaone kumene kunachokera malata a nyumba ya kumudzi ija."

Mayi akunyumba anatsala kunja ndi ana awiri aang'onowo. Ife anatipatsa zipewa zolimba ndi nyali, n'kutilowetsa m'chikepe chachitsulo. Chitseko chitatsekedwa, mtsikana anandigwira lamba. Alendo amawatsitsa mamita 75 okha, pamene migodi ya golide ya dziko limenelo ina imapitirira makilomita atatu kupita pansi. Komabe mamita 75 omwewo ndi okwanira kuti munthu uyambe kuganiza za moyo wako. Kuwala kwa dzuwa kunatha, phokoso la anthu okuwa lija linazilala, kunatsala kudontha kwa madzi ndi fungo la mwala wonyowa.

Wotiperekeza anali mnyamata waulemu, wodziwa ntchito yake. Anationetsa makina oboolera mwala, mabokosi a zophulitsira, tingolo tonyamulira miyala, ndi mzere wa mwala umene mumakhala golide. Anafotokoza kuti pofuna kupeza golide wochepa chabe ankaphwanya miyala yambirimbiri. Azungu ena amene tinali nawo ankajambula zithunzi. Madala sanayankhule kanthu, ankangoyenda pambuyo, dzanja likusisita khoma.

Titafika pamene panali fosholo yakale, madala anaima n'kulankhula mawu angapo m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza chimene ankalamulirana nacho m'migodi. Mnyamata uja anatembenuka n'kufunsa kuti, "Baba, munagwirapo mumgodi?" Madala anavomera. Sanagwire pa Crown Mines, anali pamgodi wina kutali ndi tauni, koma ati mdima ndi umodzi womwewo. Ntchito yawo inali ya malayisha, kupakira miyala ndi fosholo atagwada, pamalo poti munthu sungaimirire, kutentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Akaweruka ankabwerera kukomponi, kumene amuna ambirimbiri ankagona chipinda chimodzi pa mabedi a simenti. Gulu lonse linasiya kujambula n'kuyamba kumvetsera, ine ndikumasulira m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

Mtsikana anafunsa kuti, "Agogo, nanga simunkaopa?" Iwo anati ankaopa tsiku lililonse, makamaka mwala ukayamba kulira pamwamba, koma kumudzi kunali msonkho woti alipire ndiponso ankafuna kukwatira agogo ake aakazi. Anamuuzanso za mwezi wa Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Ngozi imeneyo itachitika, Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a Wenela, ndipo madala anali m'gulu la amene anabwerera kumudzi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 n'kudzatheratu mu 1988. Iwo sanapitenso. Anabwera ndi njinga, wayilesi, mabulangete awiri, ndalama za malata, ndi chifuwa chimene chimawavuta nyengo yozizira mpaka lero.

Pa nkhani ya chifuwayi, awerengi ena mukudziwa kuti fumbi la mwala wa m'migodi ya golide limawononga mapapo, ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. M'chaka cha 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi zoti zipepese anthu amene anadwala matendawa m'migodi ya makampani angapo, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa ntchito yolipira. Amene muli ndi madala a Theba kumudzi, musataye timapepala tawo takale, makamaka khadi la nambala ya kumgodi. Ife tabwerako tayamba kufunafuna m'sutikesi yawo ija.

Titatuluka, maso akuthobwa ndi dzuwa, tinakaonera mmene amasungunulira golide. Amamutenthetsa kupitirira madigiri 1,000 mpaka asanduke ngati phala lofiira, n'kumuthira m'chikombole. Mnyamata wathu, amene tsopano anali ataiwala za msinkhu, anafunsa mokweza kuti, "Ndiye golide wa agogo ali kuti?" Anthu anaseka. Madala anayankha kuti pa zaka ziwiri zonse zimene anakhala pansi, golide womalizidwa chonchi anali asanamuonepo, akumuona koyamba lero. Ine kuseka kunandithera pomwepo.

Chakumadzulo mitambo inayamba kusonkhana, monga ichitira ku Joni nthawi ya dzinja, ndipo tinaganiza zomaliza ndi chigudumu chachikulu chija chimene chimazungulira pang'onopang'ono n'kukweza anthu m'mwamba. Chimenechi chinatilola tonse, ngakhale woperewera zala zitatu uja. Madala poyamba anakana, ati mafupa akalamba, koma zidzukulu zinawakankhira m'kati. Tili pamwamba tinaona nyumba zitalizitali za m'tauni, misewu yodzaza magalimoto, ndi zimilu zachikasu za dothi lochokera m'migodi. Madala analoza zimiluzo n'kuuza ana kuti dothi lonselo linatulutsidwa pansi ndi anthu, ena mwa iwo a ku Dedza, a ku Mzimba, a ku Mulanje. Kenaka anati, "Paja ndimati Joni ndinamuona. Ndinangoona kunsi kwake." Chigudumu chitatsika anafunsa mlamu ngati tikiti ikulola kukweranso, ndipo anakwera kachiwiri ndi kamzime pamiyendo.

Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya tsankho imene inatsegulidwa mu 2001. Sitinalowemo chifukwa ana anali atatheratu, ndipo zimene zili m'menemo n'zofunika mwana wosinkhukirapo. Mtsikana tamulonjeza kuti akadzafika ku sekondale tidzapita naye.

Tsono kwa inu amene mukukonza ulendo ngati umenewu, ndikuti fikani m'mawa mizere isanatalike, ana avale zipewa chifukwa dzuwa la kumeneko limawotcha mosaonekera, ndipo muwayeze msinkhu kunyumba kuti wamfupi adziwiretu zimene sadzakwera. M'thumba la mwana aliyense ikanimo kapepala ka nambala yanu ya foni, poti pa chikhamu chotere mwana amasowa m'kuphethira kwa diso. Ndipo ngati kwanu kuli madala amene anapita ku Wenela, ali moyo ndipo angathe kuyenda, atengeni. Ife tikanawasiya ku Mayfair, ana akanabwerako ndi nkhani ya akavalo ndi ayisikilimu yokha.

Pobwerera, basi isanafike n'komwe pa Beitbridge, ana onse anali m'tulo. Sukulu itatsegulidwa mu Januwale, aphunzitsi anauza kalasi ya mtsikana wathu kuti alembe za tchuthi chawo. Iye analemba masamba awiri. Za Anaconda analemba mizere itatu, kwinako konse analemba za agogo ake ndi fosholo. Mnyamata naye sanaiwale zake: m'mawa uliwonse amadya nthochi ziwiri n'kukaima pa chitseko pamene tinalemba mzere ndi makala.